Deki ya boti ndi bulugamu wocheka mwezi uno

Bambo wina wa ku Nkope wanditumizira imelo. Ali ndi boti la matabwa la mamita 7, akufuna kuliikira deki (popondapo pamwamba pa boti) ya timatabwa ting'onoting'ono kutsogolo kuti azinyamula alendo pa Khirisimasi. Akufunsa kuti agule guluu wanji, poti matabwa wawapeza kale, bulugamu wocheka mwezi uno.

Achimwene, nditafika pa mawu akuti "wocheka mwezi uno" ndinaika kaye foni pansi. Mwandikumbutsa chilonda.

Boti langa loyamba ndinaliikira deki yangati imeneyo, nanenso ndikuthamangira alendo. Matabwa ndinagula kwa munthu wina amene analumbira kuti auma, chonsecho sowo ikamadutsa utuchi umachita kumata m'manja. Atsibweni anga, omwe anakhoma maboti ku Malindi mpaka maso anayamba kuchita chidima, anabwera kudzaona. Sanafunse za guluu. Anatola kathabwa kamodzi, n'kukagogoda ndi chala, kenako n'kukagunditsa patsaya. Akuti thabwa laliwisi limazizira. Anakabwezera pamulu n'kunena kuti, "Mphwanga, mtengo uwu sunadziwe kuti unafa." Ine ndinaseka, ndipo mawa lake ndinayamba kukhoma. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa, phulalo n'kudyabe.

Kunena zoona deki ija inakongola. Anthu pagombe amaima kuiyang'ana, ena amajambulitsapo. Kenako kunabwera dzuwa la Okutobala, lija la kuno ku Mangochi loti mchenga supondeka opanda nsapato. Timatabwa tinayamba kufota. Mipata imene ndinatseka bwinobwino inayasama mpaka kandalama ka K10 kamalowa choimirira, tina tinapindika ngati nthochi n'kuzula misomali. Pa msomali uliwonse panatuluka banga lakuda, chifukwa chitsulo wamba chikakumana ndi bulugamu wonyowa chimadetsa thabwa, kwinaku chikuchita dzimbiri. Mvula itayamba madzi amalowa m'mipata ija osatulukanso. Tsiku limene ndinakanganula, pansi pake panali patamera zoyera ngati thonje, ndipo mtanda umodzi ndinauboola ndi chala. Atsibweni anali atakhala pa bwato lovundikira chapafupi, akusoka matchera. Sanatukule mutu n'komwe.

Ndiye ndikamamva anthu akukangana za mitundu ya guluu monga epoxy ndi Sikaflex ngati kuti nkhani yagona pamenepo, mtima umandiwawa. Guluu sangaletse thabwa kufota. Thabwa likamataya madzi limachepa m'mimba mwake, m'litali ayi, ndipo bulugamu pa khalidwe limeneli ndiye mfumu. Kachekedwe nakonso kali ndi mbali. Yang'anani kumapeto kwa thabwa muone mizere ya zaka: ikakhala yoimirira, thabwalo limafota pafupifupi theka la mmene limafotera lija mizere yake yagona chopingasa. Ocheka matabwa athu sasamala zimenezi, amangofuna matabwa ochuluka pa chipika chimodzi, ndiye muyenera kugwada pamulupo n'kumasankha nokha, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lofiira.

Chinanso chimene mabuku a azungu sakuuzani mokweza n'chakuti nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere. Mchere umachedwetsa kuola. Maboti a ku Beira kapena ku Zanzibar ali ndi mwayi umenewo, ife tilibe. Kadontho kamene kabisala pansi pa deki popanda mphepo, m'kutentha kwathu kuno, ndi munda wa nkhungu.

Mukadzabwera ku boma, mudzalowe mu Lake Malawi Museum. Muli chifanizo cha kutsogolo kwa sitima ya Guendolen, imene inalowa m'madzi kuno mu 1899 tauniyi ikutchedwa Fort Johnston, ndipo mu Ogasiti 1914 inakawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli. Mfuti yake ili panja paja pafupi ndi nsanja ya wotchi, chakumlatho. Sitima ya Chauncy Maples nayo inabwera m'zidutswa kuchokera ku Glasgow n'kulumikizidwa kwa Mponda, n'kuyandama mu 1901. Ndikunena zimenezi chifukwa ana a masiku ano amaganiza kuti luso la maboti limachokera pa YouTube, pamene Shire yathuyi yakhala ikuona amisiri zaka zoposa 120, ndipo ku Mpwepwe anthu aphunzirako kukhoma maboti a matabwa amene akukoka chilimira mpaka lero. Mmisiri wachikulire mmodzi ndi botolo la Fanta adzakuphunzitsani zambiri kuposa mavidiyo khumi a mzungu amene akugwira ntchito ndi matabwa a teak m'shedi yozizira.

Pafupi ndi mfuti ija pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946, chakumpoto kwa nyanja. Sindikukuopsezani, boti lanu si Vipya. Koma kilogalamu iliyonse imene mwaika pamwamba imachepetsa kukhazikika kwa boti, ndipo alendo akaona deki yokongola onse amathamangira kukaima pomwepo kuti ajambule. Mwera wa mu Juni ukadzakupezani pakati pa Nkope ndi chilumba cha Boadzulu mudzandikumbuka. Deki yochindikala ngati chitseko cha tchalitchi ine ndimaikana.

Matabwa oyenera

Mlombwa. Sufota kwambiri, suola msanga, umapalika bwino. Mbawa ikhoza kulowa m'malo. Paini muiwale, pokhapokha ngati mumakonda kukhoma deki chaka ndi chaka. Akuluakulu amatamanda mkungudza wa ku Mulanje, ndipo sanama, koma mtengo umenewo, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, tinaudula mpaka kuutsiriza m'phirimo. Wina akakunong'onezani kuti ali nawo, musagule. Mlombwa nawonso ndi wotetezedwa, choncho funsani mapepala a Forestry musanakweze pagalimoto, apo ayi matabwa anu akagona pa rodibuloko. Ine deki yanga yachiwiri ndinapangira zitseko ndi mafelemu akale a nyumba ina imene imagumulidwa. Anali ndi mabowo a maloko, inde, koma anali atauma kuyambira nthawi ya Kamuzu, ndipo mpaka pano sanasunthe.

Bulugamu wanuyo musanjike pamthunzi, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, miyala pamwamba, adikire chaka chamawa. Mudzapangira mabenchi.

Za guluu ndi kakhomedwe nazi. Mitanda ikhale yokwera pang'ono pakati kuti madzi azitsikira m'mbali. Yalani marine plywood (plywood ya maboti yopirira madzi), muipake epoxy mbali zonse ndi m'mphepete momwe. Timatabwa tikhale ta masentimita 4 kapena 5 m'lifupi, mamilimita 8 mpaka 10 kuchindikala, ndipo muyambire m'mphepete kulowa pakati, molumikizira musayang'anizane. Siyani mpata wa mamilimita 5. Matani ndi epoxy, zomangira zikhale za stainless (chitsulo chosachita dzimbiri) kapena mkuwa. M'mipatamo yalani katepi pansi musanathire Sikaflex 290, kuti agwire m'mbali mokha, azitha kutamuka thabwa likamapuma. Gwirani ntchitoyi m'mamawa pamthunzi, chifukwa masana epoxy amauma muli chigwirire. Pansi pa deki musiye polowera mphepo. Epoxy ndi Sikaflex mwina mudzachita kuitanitsa ku Blantyre, ndipo muyang'ane deti pachubupo.

Alendo a Khirisimasi ino muwayalire mphasa ndi makushoni.