Makaniko akuti aphwasule injini chifukwa valavu ya ekizozi yagwira: yankho kwa mwini Yamaha R6 wa ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena a ku Santhe, ndipo ndaganiza zowayankha pano chifukwa vuto lawo likhoza kugwera aliyense amene wagula njinga yothamanga ya kaunjika. Iwo ali ndi Yamaha R6 ya 2008 imene inakhala pakhonde dzinja lonse osayenda. Atailiza mu Epulo, getsi lochenjeza za injini linayaka ndipo pa wotchi panaoneka nambala 18. M'misewu ya pamsika imayenda bwinobwino, koma akalowa pa tala n'kufuna kuikoka, imabanika ngati munthu wodwala mphumu. Makaniko amene anamuonetsa wati valavu ya ekizozi yagwira, choncho mutu wa injini uyenera kutsegulidwa, ndipo iwo akufunsa ngati alole.

Achimwene, musalole kaye. Makaniko wanuyo wanena zoona kuti valavu yagwira, koma ndikukhulupirira kuti walunjika pa valavu ina. Njinga yanu ili ndi zinthu ziwiri zosiyana zimene zonse zimatchedwa valavu ya ekizozi. Mu mutu wa injini muli mavalavu 16, anayi pa silinda iliyonse, ndipo theka la iwo ndi otulutsa utsi. Koma mu paipi ya ekizozi momwemo, pansi pa njinga, mulinso valavu ina, kachitseko kachitsulo kamene kamatseguka ndi kutsekeka malinga ndi liwiro la injini. A Yamaha amakatcha EXUP, ndipo nambala 18 imene mukuionayo imanena za ikako: kompyuta ya njinga yalamula kamota koyendetsa valavuyo, kotchedwa servo, kuti kazungulire, koma kakanika. Nambalayi sikhudzana ndi mutu wa injini m'pang'ono pomwe.

Sindikumunyoza makaniko wanu. Amisiri ambiri kuno ku Kasungu anakulira pa njinga za kabaza za silinda imodzi, zimene ekizozi yake ndi paipi chabe yopanda kanthu koyenda mkati, motero akamva mawu akuti valavu maganizo awo amathamangira ku mutu wa injini. Valavu ya mu injini ikagwira, zizindikiro zake n'zina: njinga imavuta kulira, imanjenjemera itangoima, silinda imodzi imafa, ndipo mukayesa kompuleshoni, kutanthauza mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda, silinda imeneyo imatsalira kutali poyerekeza ndi zinzake. Inu mwanena kuti injini ikulira bwino ndipo ikuvuta pokhapokha mukaikoka. Ngati makaniko akukakamirabe, mupempheni ayambe wayesa kompuleshoni ya masilinda onse anayi inu muli pomwepo, chifukwa ntchito imeneyo sifuna kutsegula mutu wa injini.

Mwina mukudabwa kuti kachitseko kameneka n'kantchito yanji. Injini ya njinga yothamanga inapangidwa kuti izipuma bwino ikamazungulira mothamanga kwambiri, ndipo pa chifukwa chimenechi pali kamphindi pamene valavu yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi zimakhala zotsegula nthawi imodzi. Pa liwiro lalikulu, utsi wothamanga mu paipi umathandiza kukoka mpweya watsopano kulowa mu silinda. Pa liwiro laling'ono, mafunde a utsi amabwerera pa nthawi yolakwika n'kusokoneza kapumidwe ka injini, ndipo njinga imafooka. Valavu ya mu paipi imachepetsa njira ya utsi pa liwiro laling'ono ndi kuitsegula yonse pa liwiro lalikulu, komanso imachepetsa phokoso. A Yamaha anayamba kuiika pa FZR400R mu 1987 ndi pa FZR1000 mu 1989, ndipo makampani ena anatsatira ndi mayina awoawo. Eni Suzuki GSX-R amaidziwa ngati SET, ndipo ikavuta wotchi yawo imaonetsa C46. Yanuyo yagwira ili chotseka, n'chifukwa chake mukuyenda bwino pamsika koma mukubanika pa tala. Ikanagwira ili chotsegula, mukanadandaula za phokoso ndi kufooka ponyamuka.

Chimene chimaigwiritsa ndi dzimbiri ndi mwaye. Petulo akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, imene imasanduka madontho mu paipi ikazizira, ndipo njinga yokhala miyezi inayi kapena isanu osatentha imakhala ndi chinyontho chimenecho nthawi yonseyo. Kunja nakonso, matayala amaponya matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe pamalo enieni pamene pali kagudumu ka valavu ndi makebulo amene servo imakoka pokazunguza. Amene anapanga njingazi sankaganiza za misewu yopita ku minda ya fodya.

Yambani ntchito injini itaziziratu, ndipo chajani batire poyamba, chifukwa batire yokhalitsa imafooka ndipo servo siyenda bwino pa moto wochepa. Batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Tsegulani kachivundikiro kamene kali pa kagudumu ka valavu, ndipo musanakhudze chilichonse jambulani ndi foni mmene makebulo awiriwo akhalira, kenaka muike chizindikiro pa imodzi, pakuti imodzi imatsegula ndipo inayo imatseka, ndipo mukazisinthanitsa mudzapanga vuto latsopano. Masulani manati owongolera makebulo, muwachotse onse awiri pa kagudumuko. Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa tsopano valavu, makebulo ndi servo zalekana, ndipo chilichonse chikhoza kuyankha mlandu wake pachokha.

Gwirani kagudumu ndi zala muzungulitse. Valavu yabwino imayenda mosavuta kuchoka kotseka kufika kotsegula, popanda kugwiragwira pakati. Kenaka kokani waya wa mkati mwa kebulo iliyonse kuti muone ngati ukutsetsereka, ndipo muyang'anitsitse kumapeto ngati tingwe tina taduka n'kunyankhalala. Pomaliza yatsani kiyi mumvetsere ngati servo, imene tsopano ilibe katundu, ikuzungulira. R6 ilinso ndi njira yodziyesa pa wotchi, ndipo nambala 53 ndi imene imayendetsa servo. Mukamva kamota kakulira koma kagudumu kake kosayenda, mano a magiya ake apulasitiki atha.

Malinga ndi zimene mwalemba, ndikuyembekeza kuti valavu ndiyo ikane kuyenda. Ikatero, chida chanu chachikulu ndi kudekha. Tsukani matope onse ndi burashi ya waya, thirani mafuta omasulira dzimbiri monga WD-40 pamene kamtengo ka valavu kalowera mu paipi, ndipo muisiye usiku wonse. M'mawa ikani sipanala yaing'ono pa nati ya kagudumu, muyendetse pang'ono kutsogolo ndi pang'ono kumbuyo, mukuthirabe mafuta, mpaka muone madzi ofiira a dzimbiri akutuluka. Tsiku loyamba ikhoza kusuntha kadontho chabe, koma kusuntha kumeneko kumakula. Ikakanitsitsa, lizani injini mphindi zochepa kuti paipi ifunde, muizimitse, ndipo muyesenso. Musathire mafutawo pa chitsulo chotentha kwambiri, chifukwa amayaka. Nthawi zina kuchotsa ekizozi yonse n'kuigoneka pa benchi kumathandiza, popeza mumatha kuthira mafuta cha mkati ndi kupala mwaye m'mphepete mwa kachitseko.

Ndikunenetsa za kudekha chifukwa ineyo ndinapsapo. Zaka zapitazo, pa njinga ya mnzanga, ndinatopa ndi kudikira ndipo ndinalumikiza paipi ku sipanala kuti ndikhale ndi mphamvu. Valavu sinasunthe, koma kamtengo kake kanapotoka n'kuthyoka, ndipo njinga inakhala miyezi iwiri tikusaka sipeya. Kumbukiraninso kuti mbali zina za ekizozi ya njinga zoterezi ndi za titanium, chitsulo chimene owotcherera mawindo ndi ngolo sangachilumikize ndi makina awo wamba.

Valavu ikamasuka, musaipake girizi wa mabering'i, chifukwa kutentha kwa pamenepo kumamuwotcha n'kumusandutsa makala amene adzaigwiritsanso. Funani girizi wa kopa, wofiirira uja wopakira mabawuti a malo otentha, ndipo mupake pang'ono. Kebulo yonyankhalala kapena yadzimbiri isintheni, chifukwa mafuta sabwezeretsa tingwe toduka; amisiri opanga makebulo a kilatchi akhoza kukupangirani ina ngati mwawapatsa yakaleyo kuti ayeze utali wake ndendende. Pobwezera, tsatirani chithunzi chanu ndi muyeso wa m'buku la njinga, ndipo musakoke makebulo mpaka kulimba ngati nsambo za banjo. Kebulo yolimba kwambiri imalemetsa servo ndipo nambala 18 imabweranso, pamene yolefuka kwambiri sitsegula valavu mpaka kumapeto.

Anthu ambiri amathamangira kugula servo yatsopano asanayese valavu, ndipo amataya ndalama kawiri, chifukwa servo yatsopanoyo imalimbana ndi valavu yomweyo mpaka nayonso itatha mano. Ngati mutapeza kuti servo yanu yafadi, kaigulireni ina valavu itamasuka kale.

Mwina wina akuuzani kuti mungochotsa zonsezi. N'zotheka, ndipo ambiri amatero: amamangirira valavu ili chotsegula ndi waya wosachita dzimbiri, n'kuchotsa makebulo, ndipo kuti getsi lisayake amasiya servo ili yolumikizidwa ku magetsi kapena amaika kachipangizo konamiza kompyuta m'malo mwake. Ngati mwafa pa msewu kapena sipeya ikuchedwa, imeneyi ndi njira yabwino yofikira kunyumba, bola mutsimikize kuti mwaimangira kotsegula osati kotseka. Koma pa ekizozi imene njinga inabwera nayo, ine sindilimbikitsa kuti zikhale choncho mpaka kalekale, chifukwa R6 ndi njinga yofooka kale ikamazungulira pang'onopang'ono, ndipo maulendo athu ambiri ndi a m'mabampu, pakati pa ngolo ndi akabaza, kumene mphamvu ya pansiyo ndi imene mumaifuna.

Mukamaliza kumanga, zimitsani kiyi n'kuyatsanso, ndipo kachivundikiro kakadali kotsegula muonetsetse kuti kagudumu kakuyenda servo ikalamula. Getsi likazima, kaiyeseni pa tala paulendo wautali wokwanira kuti paipi yonse itenthe ndi kuumitsa chinyontho. Dzinja likubwerali, ngati njinga idzaimanso, muziiliza kamodzi pa sabata kufikira itatentha bwino, ndipo mukaitsuka musalunjikitse madzi amphamvu pa kagudumu. Ngati mutachotsa makebulo n'kupeza kuti valavu ikuyenda bwino ndi zala, ndilembereni mundiuze zimene servo yachita mutayatsa kiyi, ndipo munditumizire chithunzi cha pulagi yake ya magetsi, chifukwa njinga yogona pakhonde miyezi yonseyo makoswe amakhala ataidziwa.