Mabatire akatha moto tiwatani?

Mayi ena a ku Dedza anditumizira funso pa imelo. Akuti m'nyumba mwawo mwaunjikana miyala ya wailesi ndi ya tochi yakutha, batire la foni lotupa, komanso batire lalikulu la sola lomwe lasiya kusunga moto. Akufunsa ngati awotche, akwirire kapena aponye m'chimbudzi.

Mayi, zitatu zonsezo musachite. Koma mabatire anuwo saopsa mofanana, ndiye tiyambe ndi lalikululo.

M'mabatire ambiri a sola, monganso a galimoto, muli mtovu ndi asidi. Asidi amawotcha khungu pomwepo, mumadziwa kuti mwavulala. Mtovu ndiye wachinyengo. Umalowa m'thupi mwa mwana pang'onopang'ono, kudzera m'fumbi la m'manja ndi m'dothi lomwe amaseweramo, n'kumaononga ubongo iye akuoneka wabwinobwino. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene uli wosavulaza. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumeneko amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Mtovu suwola, ndiye kukwirira n'kungousungira adzukulu.

Chosangalatsa n'chakuti batire limeneli ndi ndalama, chifukwa mtovu wake amausungunula m'mafakitale n'kupangira lina. Pitani nalo komwe amagulitsa mabatire, mufunse ngati angalandire lakalelo pogula latsopano, kapena kwa ogula zitsulo zakutha. Lipite lathunthu. Wogula akakuuzani kuti muyambe mwakhuthula madzi akewo kuti lipepuke, kanani, chifukwa madziwo ndi asidi wosakanikirana ndi mtovu. Podikira, liimikeni chilili pasimenti, kutali ndi ana ndi chitsime.

La foni lotupalo vuto lake ndi moto. Musalitchajenso, musaliboole kuti "mpweya utuluke", musalipsinje. Matani tepi patizitsulo take, muliike m'chitini cha mchenga wouma panja pamthunzi, kutali ndi denga laudzu, kenako mukafunse kwa okonza mafoni ngati amalandira.

Miyala ya wailesi ndiyo yocheperako ngozi, komabe pamoto imaphulika, ndipo m'chimbudzi mankhwala ake amatsikira m'madzi apansi. Isungeni m'botolo lapulasitiki lotseka bwino, likadzaza mukafunse kukhonsolo komwe mungakasiye. Zoswa miyala n'kutenga ufa wakudawo kudetsera pansi kapena bolodi zija, ine sindigwirizana nazo, makamaka poti oswawo amakhala ana, ndi manja osavala kanthu.

Pali kena komwe simunatchule: timabatire tozungulira ngati kandalama, ta m'mawotchi ndi m'zidole. Mwana akameza kamodzi, kakakakamira pakhosi kamatha kuwotcha njira ya chakudya m'maola awiri okha. Musamusanzitse, musadikire kuti katuluka kokha. Thamangirani naye kuchipatala, mukanene kuti wameza batire.