Tsiku limene dashboard yathu inanama pamaso pa kalasi yonse

Achemwali, pa funso lanu loti muyambe ndi Power BI kapena Tableau (mapulogalamu osanthula deta n'kuionetsa m'machati) pa kosi yanuyo, ine ndikuti nkhawa yanu isakhale pa pulogalamu, chifukwa chimene chinandigwetsa m'chaka chachitatu sichinali pulogalamu ayi, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Tinali anthu anayi m'gulu, ndipo aphunzitsi anatipatsa fayilo ya CSV (fayilo ya deta yosanjidwa m'mizere) ya malonda a kampani yongopeka, yaikulu kwambiri moti Excel inalephera kuitsegula yonse, popeza iyo imathera pa mizere 1,048,576. Tinagawana ntchito. Ine ndinatenga yolemba DAX (chilankhulo cha mafomula a Power BI) ndi kumanga dashboard (tsamba losonkhanitsa machati), pamene mnzathu wina anadzipereka yekha kuti akonza deta mu Power Query (gawo la Power BI lokonzera deta), ponena kuti anazichitapo kale kumene ankaphunzira ntchito. Kwa masabata atatu ndinkagona usiku kwambiri, ndikulimbana ndi fomula ya DAX yotchedwa CALCULATE mpaka maso kufiira.

Tsiku loonetsa ntchito litafika, ndinaimirira kutsogolo, manja akunjenjemera pang'ono, n'kuyamba kufotokoza machati athu limodzi ndi limodzi. Aphunzitsi anakhala chete mpaka pamene ndinatsegula chati cha malonda a tsiku ndi tsiku. Pamenepo anaimirira, anapita pafupi ndi khoma pomwe pankaonekera chithunzicho, analoza ndi cholembera, n'kufunsa ngati kampaniyo imatseka zitseko pa 12 mwezi uliwonse. Ndinatembenuka kuti ndione. Zinalidi choncho: kuyambira Januwale mpaka Disembala, panalibe malonda ngakhale amodzi kuchokera pa 13 kupita m'tsogolo. Kalasi yonse inali zii, ine thukuta kamukamu, mawu osatuluka.

Chimene chinachitika n'chakuti madeti m'fayilomo analembedwa kuyambira tsiku, kenako mwezi, koma laputopu ya mnzathuyo inkawerenga mwa kalembedwe ka ku America, komwe mwezi ndi umene umayamba. Choncho 03/04 inasanduka 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, ndipo deti lililonse la tsiku lopitirira 12 linatuluka Error, chifukwa kulibe mwezi wa nambala 13. Iye ataona zimenezo anangodina Remove Errors, batani lochotsa mizere yonse yokhala ndi Error, ndipo mizere yoposa theka inapita nthawi yomweyo, yotsalayo n'kugwera m'miyezi yolakwika. Sanauze munthu aliyense. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti aphunzitsi atafunsa amene anapanga chaticho, iye anangoyang'ana kwa ine, osatsegula pakamwa, ndipo titatuluka anandiuza kuti ankaganiza kuti mizereyo inali zinyalala chabe. Sanapepese n'komwe. Tonse anayi tinapeza malikisi ochititsa manyazi, ndipo ine ndinatsala pang'ono kubwereza kosiyo.

Aphunzitsiwonso sindingawachotse m'nkhaniyi. Semesita yonse ankationetsa kukoka makolamu ndi kusankha mitundu ya machati, koma za star schema, zolekanitsa tebulo la malonda ndi matebulo a madeti, katundu ndi makasitomala, anazikhudza tsiku limodzi lokha mothamanga. Za Change Type kenako Using Locale (njira youzira Power Query kalembedwe ka madeti ka dziko limene deta yachokera), zimene zikanatipulumutsa m'mphindi imodzi, ndinaziphunzira ndekha patapita sabata, zinthu zitaonongeka kale. Munthu sangakuimbe mlandu pa chinthu chimene sanakuphunzitse, komatu anatiimba.

Ndiye inu musalole kuti wina aliyense akonze deta inu musakuona, ngakhale atakhala mnzanu wapamtima. Muziwerenga mizere musanayambe ndiponso mukamaliza sitepe iliyonse, ndipo muzitsegula Applied Steps (mndandanda wa masitepe onse ochitidwa mu Power Query) kuti muone zimene zachotsedwa. Yambani ndi SQL, chilankhulo chofufuzira deta m'matebulo, chifukwa munthu amene wazolowera malamulo ake a COUNT (kuwerenga mizere) ndi GROUP BY (kuiika m'magulu) sachedwa kuzindikira kuti manambala sakugwirizana. Komabe musayese kunyamula polojekiti yonse nokha, pakuti mudzatopa n'kulephera kuona zolakwika zanu zomwe. Pezani mnzanu m'gulumo woti muzimupatsa gawo lake ndi mtima wonse, iye aziona zanu, inunso muziona zake.

Pa za pulogalamuyo, tsatirani imene aphunzitsi anu adzagwiritse ntchito poyesa mayeso. Dziwani chabe kuti Power BI Desktop ndi yaulere koma imagwira pa Windows pokha, pamene Tableau ili ndi ya pa Mac, choncho onani kaye kompyuta imene muli nayo musanalembetse.