Makhitchini aja sankaphikira Henry VIII yekha

Achimwene, mwafunsa ngati kukula kwa makhitchini a kunyumba yachifumu ya Hampton Court ndi umboni woti Mfumu Henry VIII ya ku England inkatha chuma cha dziko ndi dyera. Kudya Henry ankadyadi, koma makhitchini amenewo kwenikweni sanali ophikira iyeyo. Mfumu inali ndi khitchini yakeyake, ndipo kawirikawiri inkadyera m'chipinda chamkati.

Makhitchini aakulu aja, amene anayamba kuwakuza mu 1529, ankadyetsa anthu mazanamazana kawiri pa tsiku, cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi cha m'ma 4 koloko madzulo. Chakudya chinali mbali ya malipiro. Wantchito wa kunyumba yachifumu ankalandira buledi, mowa, makandulo ndi nkhuni molingana ndi udindo wake. Nyama yambiri inali yowotcha, ndipo panali anyamata amene ntchito yawo inali kukhala pafupi ndi moto wolilima, kumatembenuza chitsulo chotungira nyama kwa maola ambiri, thukuta lili kamukamu.

Mu 1526 Kadinala Thomas Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu, anakonza malamulo oyendetsera nyumba yachifumu, otchedwa malamulo a ku Eltham, pofuna kuchepetsa ndalama zowonongeka. Mukawamva mumaona moyo weniweni wa m'khitchinimo: anyamata otsuka miphika asamayende maliseche kapena m'nsanza, asamagone pafupi ndi moto usiku, ndipo zotsala zizipita kwa osauka. Ankafunanso kuthana ndi anthu ongodziphatika, odya za mfumu popanda ntchito.

M'nthawi ya mwana wa Henry, Mfumukazi Elizabeth I, chaka chimodzi chokha kunyumba yachifumu kunadyedwa nkhosa 8,200, agwape 2,330, nkhumba 1,870 ndi ng'ombe 1,240. Ndiye funsani kuti ziweto zonsezi zinkachokera kuti. Apa ndi pamene pamandiwawa ine. Ogulira mfumu anali ndi mphamvu yogula zakudya pamtengo wotsika kuposa wa pamsika, ngakhale mwini wake asakufuna, ndiponso yotenga ngolo za anthu kuti zinyamule katundu mfumu ikamasamuka. Ndipo inkasamukasamuka, chifukwa chigulu chotere chikakhala malo amodzi milungu ingapo, chakudya cha m'deralo chinkatha, nyumba n'kudzaza uve. Mlimi amene wawetera ng'ombe yake zaka, ankangoyang'ana ikupita pamtengo woikidwa ndi wogula. Anthu anadandaula kwa mibadwo, ndipo lamulo lothetseratu mchitidwewu linadzabwera mu 1660.