Hyper ndi hypo: zikusiyana pati?

FUNSO: Adokotala, m'buku la kuchipatala la mayi anga analembamo hypertension, tsamba lina hypoglycaemia. Kodi ndi matenda amodzi? Wowerenga wa ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Ayi, si amodzi. Mawuwa amayamba ndi tizigawo tochokera ku Chigiriki: hyper ndi kupyola muyezo, hypo ndi kuperewera. Akalembedwa mothamanga amafanana, choncho werengani mosamala.

Hypertension ndi BP yokwera. Amaitsimikiza ikafika 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana. Kawirikawiri munthu samva kupweteka paliponse, n'chifukwa chake ambiri amasiya mankhwala mpaka kugwidwa sitiroko.

Hyperglycaemia ndi shuga wochuluka m'magazi. Hypoglycaemia ndiye imapha msanga: shuga watsika kutsikira pansi pa 3.9 mmol/L poyeza magazi. Imagwira munthu amene wamwa glibenclamide kapena kubaya insulin, omwe ndi mankhwala a matenda a shuga, kenako n'kulawirira kudimba osadya kanthu. Amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kumalankhula zosamveka ngati woledzera. Ngati mayi anu akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi anayi a shuga m'madzi amwe. Pakatha mphindi 15 asanapeze bwino, bwerezani, kenako adye chakudya chenicheni. Akakomoka musawamwetse chilichonse, angatsamwe. Thamangirani nawo kuchipatala.

Palinso hypothermia, pamene thupi lazizira kutsikira pansi pa madigiri 35. Kwa khanda lobadwa kumene, pansi pa 36.5 n'kuzizidwa kale, makamaka m'chisanu cha Juni cha kwanuko. Liikeni pachifuwa pa mayi ake, khungu likhudzane ndi khungu, livale chipewa.