Mukukakhala m'mudzi ku Angónia? Chichewa chokha sichikukwanirani

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe, mlangizi wa zaulimi, amene wapeza ntchito ya zaka ziwiri ku bungwe lina lothandiza alimi a mbatatesi ndi nyemba m'boma la Angónia, ku Mozambique. Akakhala m'mudzi wina cha ku Dómuè pamodzi ndi akazi ake ndi mwana wa zaka 7. Funso lake ndi ili: "Popeza anthu akumeneko ndi Achewa ndi Angoni anzathu, chilankhulonso n'chimodzimodzi, kodi pali china choti ndikonzekere kupatula kulongedza katundu? Ndikufunanso ndikagule kamunda."

Achimwene, chilipo, ndipo chimene chimagwetsa anthu ambiri ochokera ku Malawi ndi chomwe mwatchulacho. Mukadutsa pa Dedza n'kulowa pa Calómuè, moni ndi yemweyo, nsima ndi yomweyo, nyimbo za pamaliro ndi zomwezo, mpaka munthu amaiwala kuti walowa m'dziko lina. Koma zikalata, malo, ndalama ndi maudindo a m'mudzi zonsezo n'za Mozambique. Mzungu akafika amadziwa yekha kuti ndi mlendo ndipo amafunsa chilichonse. Mmalawi safunsa, amangoganiza kuti akudziwa, ndiye amakodwa.

Yambani ndi zikalata musananyamuke. Mmalawi amalowa mu Mozambique wopanda viza kwa masiku 30, koma chidindo chimenecho n'cha ulendo, si cha ntchito. Bungwe lomwe lakulembanilo ndi limene liyenera kukonza chilolezo chanu cha ntchito ku ofesi ya zantchito, ndipo musavomere mawu oti "bwerani kaye, tizikonza muli konkuno." Masiku 30 aja akatha, chindapusa amawerengera tsiku lililonse lomwe mwapitirira, ndipo wolipira pachipata ndinu, osati bwana wanu. Munthu wokhalitsa amafunika chiphaso chotchedwa DIRE, chomwe chimaperekedwa ndi a migração, oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ofesi yawo yaikulu m'chigawo chino ili mumzinda wa Tete, ulendo wa maola angapo kuchokera ku Ulongué, likulu la boma la Angónia. Akazi anu ndi mwana afunikanso zawozawo, choncho nyamulani mtchatho wa ukwati ndi chikalata cha kubadwa cha mwana. Maofesi amagwira ntchito m'Chipwitikizi, ndiye funsiranitu ngati zikalatazo zikufunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Mukafika, pitani kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo, akakudindireni fotokope ya pasipoti, muziyenda nayo m'thumba, chifukwa apolisi pamsewu ali ndi mphamvu yokufunsani. Kunena kuti "ndine wa konkuno" chifukwa choti mukulankhula Chichewa n'kudziputira mavuto aakulu kuposa omwe mumathawa.

Tsiku lofika m'mudzi musatsitse katundu musanaonekere kwa eni mudzi. Kuno maudindo ali mbali ziwiri. Mbali ina kuli mafumu a chikhalidwe, anyakwawa ndi a régulo (mafumu aakulu), omwe boma linawazindikira mwalamulo kuyambira m'chaka cha 2000. Mbali inayo kuli a secretário a bairro (mlembi wa dera) ndi wamkulu wa nyumba 10, amene amalemba anthu ndi kudinda makalata. Mukalonjera mbali imodzi n'kusiya inayo, yosiyidwayo imamva kuti mwaipeputsa, ndipo mudzazindikira tsiku limene mwafuna kalata yotsimikizira komwe mukukhala, yomwe amaitcha declaração, n'kuuzidwa kuti chidindo chili ndi munthu amene wachoka. Musapite nokha. Mwininyumba kapena mnzanu wa kuntchito wa komweko ndiye akutsogolereni ndi kukulankhulirani. Inu khalani pansi, ombani m'manja monga mwa mwambo, nenani dzina, mfunda wanu, kwanu, ntchito yanu ndi nthawi yomwe mukhale. Kamphatso ka shuga, mchere kapena sopo n'kokwanira; funsani wokutsogoleraniyo chomwe chili choyenera, ndipo chiperekedwe poyera anthu akuona. Mukatero mukalembetsenso ku posto administrativo, ofesi ya boma ya m'deralo, ndi kupolisi.

Tsopano za munda, pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Mu Mozambique malo onse ndi a boma, sagulitsidwa, sapinyolitsidwa. Zili m'malamulo aakulu a dziko, ndiponso m'lamulo la malo la 1997. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT. Mwinimudzi amene makolo ake analima pamalopo ali nawo ufuluwo ngakhale alibe pepala lililonse, pamene mlendo payekha saupeza asanakhale m'dzikomo zaka 5, ndiponso amafunika pulojekiti yovomerezedwa. Tanthauzo lake n'lakuti munthu akakutengerani ndalama n'kukulozerani malire a munda, palibe chimene mwagula. Vuto lina n'lakuti pakati pa Achewa munda umayendera kuchikazi. Bambo amene akukugulitsaniyo mwina ndi mkamwini chabe, ndipo chimanga chanu chikayamba kumasula atsibweni a ana adzafika n'kufunsa amene anakupatsani. Mlanduwo simungaupambane. Kwa Angoni ena a kuno malo amatsata kuchimuna, kotero musangoganizira, funsani kuti mwinimbumba ndani.

Chotheka n'kubwereka kapena kuchita lendi kwa nyengo imodzi ya ulimi. Pakhale mwinimunda weniweni, mwinimbumba, nyakwawa ndi a secretário, muyende m'malire nonse, ndipo pepala lilembedwe lonena kukula kwa munda, nyengo yake ndi malipiro. Musabzale mitengo kapena nthochi m'munda wobwereka musanapemphe, chifukwa anthu amaona ngati mukukhomerera kuti malowo akhale anu. Kwa banja la anthu atatu, dimba laling'ono la ndiwo pafupi ndi madzi likuthandizani kuposa munda waukulu umene ntchito yanu sikulolani kuupalira.

Nyumba muikaone dzuwa lili pamutu ndipo muyang'ane kudenga muli m'kati: paliponse pomwe pakulowa kuwala padzalowa mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Onani ngati chiswe chadya mapaso, onani chimbudzi ngati chatsala pang'ono kudzaza kapena chili m'mphepete mwa chitsime. Angónia ndi Tsangano ndi kumtunda, mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri usiku, ndiye mabulangete musasiye poganiza za kutentha komwe munamva kwa mumzinda wa Tete, kumene mu Okutobala kumapitirira madigiri 40. Pozizira musalowetse mbaula yoyaka m'chipinda chotseka. Utsi wa makala ulibe fungo koma umapha anthu ali m'tulo.

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya dzikoli, mwina afika pamsika osafika panyumba panu. Ngati ndi sola, werengerani musanagule. Mababu atatu a mawati 5 oyaka maola 5 amadya 75 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola), laputopu ya mawati 50 kwa maola 4 imadya 200 Wh, mafoni awiri pafupifupi 30 Wh, zonse pamodzi kupitirira pang'ono 300 Wh patsiku. Panelo ya mawati 100 padzuwa labwino imapereka cha m'ma 400 Wh, koma m'Januwale mitambo ikaphimba masiku atatu imatsika kwambiri, choncho ya mawati 150 ndiyo yodalirika. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200 Wh, koma ngati ndi ya asidi muzigwiritsa theka lokha. Mabatire ambiri kuno amafa chaka chisanathe pa zifukwa ziwiri: kulumikiza panelo molunjika popanda kontirola, ndi kuikama batire mpaka kuzimiratu usiku uliwonse chifukwa chotchajira mafoni a mudzi wonse. Nenani kuyambira tsiku loyamba kuti mumatchaja mafoni angati ndiponso masana okha.

Madzi a pamjigo amaoneka oyera, koma amadetsedwa m'ndowa ndi m'makapu. Mankhwala a klorini omwe kwanu mumati WaterGuard kuno ndi Certeza: kachitsekero kamodzi m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Madzi akakhala a matope, asefeni kaye ndi nsalu kapena awiritseni. Kolera inavuta m'chigawo cha Tete mu 2015 ndi mu 2023, ndipo imakonda nyengo ya mvula. Pamjigo pali komiti yomwe imatolera kandalama pamwezi kokonzera zikaonongeka. Perekani osadikira kukumbutsidwa, ndipo akazi anu aime pamzere ngati wina aliyense ngakhale amayi atawauza kuti adutse.

Malungo musawapeputse chifukwa choti kumtunda kumazizira. Udzudzu umaswana m'madambo ndi m'madimba, ndipo mukatsikira kuchigwa cha Zambezi ndiye ochuluka. Neti pabedi lililonse. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo ku centro de saúde, chipatala chaching'ono cha m'dera, kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi amene amatchedwa APE. Mankhwala omwe mumati LA kuno anthu amawadziwa ndi dzina la Coartem: wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri patsiku kwa masiku 3, onse 24, ndi chakudya chamafuta pang'ono kuti agwire bwino, pomwe a mwana amatengera kulemera kwake. Anthu amasiyira panjira tsiku lachiwiri akamva bwino, malungo n'kubwereranso. Matenda aakulu amatumizidwa kuchipatala cha ku Ulongué, kenako ku Tete. Ambulansi siifika msanga, choncho sabata yoyamba yomweyo sungani manambala a anthu awiri a njinga yamoto ndi mmodzi wa galimoto, ndipo khalani ndi ndalama ya mafuta yosakhudzidwa.

Pa ndalama, kufupi ndi malire makwacha amayenda limodzi ndi meticais, koma osintha a pamsewu ndi amene amadziikira mtengo, ndipo mukasintha kawiri mumaluza kawiri. Lembetsani simu ziwiri ndi pasipoti: Movitel imakonda kugwira kumidzi ndipo ili ndi e-Mola, Vodacom ili ndi M-Pesa; zonsezi ndi njira zotumizira ndalama pafoni. Simu ya ku Malawi imagwira m'mapiri ena a m'malire, koma musaidalire. Kutsegula akaunti kubanki kumafuna nambala ya msonkho yotchedwa NUIT ndi declaração ija ya kwa a secretário. Wothandizira wa e-Mola wa pamsika nthawi zambiri amakhala alibe ndalama zokwanira kupatula tsiku la msika, ndiye muzitapa pang'onopang'ono.

Chimanga gulani nthawi yokolola, Meyi kapena Juni, pomwe chatsika. Pofika Januwale ndi Febuluwale mtengo umakhala utakwera kwambiri. Kuno amayeza ndi lata, chitini cha malita 20, ndipo malata atatu amadzaza thumba la makilogalamu 50. Lumani njere: ikaphulika ndiye chauma, ikangophwanyika mofewa chiyanikeninso, apo ayi chichita chuku. Thirani mankhwala a anankafumbwe kapena gwiritsani matumba osalowa mpweya, ndipo sanjani pamitengo, osagunditsa khoma.

Ngongole ndiyo idzakuyesani kwambiri. Munthu wolandira malipiro pamwezi m'mudzi momwe ena amaona ndalama kamodzi pachaka akagulitsa fodya kapena mbatatesi, pakhomo pake sipatha anthu. Mukabwereketsa mmodzi, mawa abwera asanu, ndipo tsiku lomwe mudzalonjerere ngongoleyo ndinu mudzaoneke woipa. Njira yabwino n'kupatula kandalama komwe mungathe kupereka osayembekezera kubwezeredwa, ka matenda ndi maliro, ndipo enawo apatseni ganyu wa mtengo wogwirizana ntchito isanayambe. Wothandiza panyumba mumupeze kudzera mwa mwininyumba, malipiro ake anenedwe pamaso pa mboni, ndipo musalipire mopitirira kwambiri zomwe anzanu amalipira, chifukwa mumamupezera adani.

Maliro akagwa, khasu limagona ndipo msonkhano wanu wa alimi umaimanso, ngakhale bwana wa ku Tete atakhala kuti akubwera. Pitani, khalani ndi abambo anzanu, akazi anu akathandize kumoto, perekani chipepeso kwa wolemba. Anthu amaiwala zambiri koma saiwala amene sanaoneke pasiwa. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, kuno ndi wamphamvu makamaka chilimwe. Mukakumana ndi chilombo panjira patukani, tsikani panjinga, ponyani kandalama pansi. Musajambule musanaloledwe, musadule nkhuni kapena kudutsa m'nkhalango ya kumanda, ndipo mwana wanu mumuuze zimenezi momveka bwino, chifukwa mwana akalowa kudambwe mlandu wake ndi wolemera. Ngakhale mutakhala kuti mpingo wanu sugwirizana nazo, kunyoza pagulu kudzakutsekerani makomo a alimi omwe mwadzera.

Ndale zisiyeni. Nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'maboma omwewa, ndipo mudzapeza akuluakulu okukambirani za Dedza ndi Ntcheu ngati kwawo. Mverani akamafotokoza, koma musafunse kuti ndani anali mbali iti, ndipo musavale kapulana (chitenje) kapena chipewa cha chipani chilichonse ngakhale atakupatsani ngati mphatso.

Chomaliza ndi sukulu ya mwana. Chaka cha sukulu kuno chimayamba kumayambiriro kwa chaka, cha mu Febuluwale, osati Seputembala ngati kwanu, ndipo maphunziro ndi a m'Chipwitikizi, ngakhale sukulu zina zimayamba ndi Chinyanja m'makalasi oyambirira. Tengani kalata yosamutsira ndi malipoti a kusukulu yake yakale, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Mwana wa zaka 7 amatola Chipwitikizi msanga akamasewera ndi anzake, koma poti mudzabwerera patatha zaka ziwiri, gulanitu mabuku a Chingerezi ndi masamu a sitandade 2 ndi 3 ku Lilongwe, muzimuwerengetsa theka la ola madzulo alionse. Inunso pezani mphunzitsi wa papulayimale woti azikuphunzitsani Chipwitikizi kawiri pamlungu, muyambe ndi manambala, masiku ndi mawu a pa mafomu a ku migração.