Mafunso a Owerenga: Kodi agogo anakweradi ndege popita ku Joni?

FUNSO: Akonzi, malemu agogo anga aamuna ankakonda kutiuza kuti mu 1958 anapita ku Joni pa ndege, ndipo makutu anatsekeka mpaka anayesa agontha. Adzukulufe tinkangoseka. Air Malawi inayamba mu 1964, nanga iwo anakwera ya ndani?
Mdzukulu, Ntcheu

YANKHO: Mdzukulu, agogo anuwo munawalakwira. Ndege zinayamba kutera kuno Air Malawi isanalotedwe n'komwe. M'zaka za m'ma 1930 kunali kale kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo mu 1946 kunabwera Central African Airways, yomwe likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero. Inali ya mayiko atatu: Southern Rhodesia inali ndi magawo 50 pa 100, Northern Rhodesia 35, ife a Nyasaland 15 basi. Air Malawi ija inabadwa ngati mwana wa kampani imeneyi, n'kudzaima payokha mu 1967.

Koma agogo anu sindikukhulupirira kuti anakwera zimenezo. Tikiti yake inali ya abwanamkubwa, eni minda ya tiyi ndi amishoni. Amalawi wamba ambiri amene anaona mitambo ili pansi pawo masiku amenewo anali a Wenela.

Wenela linali bungwe la eni migodi ya golide ku South Africa lolemba anthu ntchito, ndipo kuyambira mu 1952 linali ndi ndege zakezake, za mtundu wa Dakota, kenako zikuluzikulu za DC-4. Mwamuna ankalembetsa, dokotala n'kumuyeza pachifuwa, n'kudinda chala pa kontrakiti. Akatero ankakwezedwa ndege mpaka ku Francistown, m'dziko lomwe pano ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko sitima yapamtunda ndiyo inkamufikitsa ku Johannesburg. Mukamakwera minibasi pa Wenela mu Blantyre, dziwani kuti dzinalo ndi lomwelo.

Amalume anga nawo anayenda ulendo umenewu. Galimoto anali atakwerapo kamodzi kokha, ya matola, koma ndege anaikwera kanayi. Chomwe ankakumbukira si kukongola kwa dziko ayi, koma phokoso la injini, ndi mnzawo wina amene anagwira mpando ndi manja onse awiri ulendo wonse akuitana amayi ake. Pobwerera anatsika ndi sutikesi yamalata, wailesi ndi chipewa chomwe sankavula ngakhale pa nsima. Za makutu zija n'zoona: Dakota inalibe makina osunga mpweya m'kati ngati ndege za masiku ano.

Ulendowu unatha ndi maliro. Pa 4 April 1974 DC-4 ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ikubweza anthu kumudzi atamaliza kontrakiti. Mafuta ake anali atasakanikirana ndi a ndege za jeti. Amalawi 74 anafera pomwepo, katundu wogulira ana ali m'manja. Kamuzu Banda analetsa nthawi yomweyo kulemba anthu a kumigodi, pomwe Amalawi oposa 100,000 anali kumeneko. Kulembako kunayambiranso mu 1977, dzina litasintha kukhala Teba.

Chimandiwawa n'chakuti tikamakamba mbiri ya ndege kuno timathamangira ndege ya jeti ya VC10 ya Air Malawi, yomwe chaka chomwecho cha 1974 inayamba kuuluka mpaka ku London. Inali yonyaditsa, sindikana. Koma inauluka zaka zisanu zokha, n'kukhala chiimire pa Chileka mpaka kuiphwasula, pamene ndege za Wenela zinanyamula azibambo athu zaka zoposa 20.

FUNSO: Ndinamva kuti kale ndege zinkatera pamadzi ku Cape Maclear. Si nthano za asodzi zimenezi?
Mphunzitsi, Monkey Bay

YANKHO: Si nthano, aphunzitsi. Zinali ndege za BOAC, kampani ya ndege ya ku Britain, zotchedwa Solent, zamimba ngati bwato, zochokera ku Southampton kupita ku South Africa. Zinayamba kuima pa Cape Maclear kumapeto kwa 1949, okwera n'kuwatengera kumtunda pa boti kukapuma ku hotela. Pomatha 1950 BOAC inasiyiratu ndege zoterazi, poti mabwalo apamtunda anali atachuluka, ndipo hotela ija inasowa alendo.